Dishi Yopotoka Khosi

"Tangoyang'anani nokha, a Dalaivala," anatero a Tcheyamani, akuloza padenga ndi nsonga ya ambulera. "Yambirani kumtunda uko mpaka kumunsi. Madishi onse ayang'ana kumodzi ngati anthu m'tchalitchi. Nanga yanuyi yapotokeranji khosi?"

A Dalaivala anali atawerama, akupukuta matayala a galimoto ya Bwana imene inkagona pakhomo pawo. Sanadzutse mutu. Dishiyo ankaidziwa bwino, panalibe choiyang'aniranso.

"Ndi mphepo," anatero.

"Mphepo yake iti? Yodumpha nyumba zonsezi n'kudzaomba padenga panu pokha?"

"Mphepo ilibe tcheyamani, imaomba kumene yafuna."

A Tcheyamani anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Iwo ankayang'anira za chipani cholamula mumsewu umenewo, ndipo popeza chisankho chinali pafupi, ntchito inali itawachulukira. Anayamba ndi kuyang'ana mbendera, kenako nkhope za osabwera kumsonkhano, tsopano anali atakwera mpaka pamadenga a eni.

"Ine ndikungokutsinani khutu ngati mnzanu. Anthu akulankhula. Akuti nyumba ya dalaivala wa boma yafulatira boma."

"Dishi ndi chitsulo, a Tcheyamani. Siivota."

"Siivota, inde, koma imaloza kumene mwini wake akavote."

Atatero anatsegula ambulera yawo, ngakhale kunalibe mvula kapena dzuwa lodandaulitsa, n'kumapita. A Dalaivala anaponya nsanza m'ndowa mwaukali mpaka madzi anawathovukira pathalauza.

Mumsewumo munalibe ndi mmodzi yemwe amene anaionapo setilaiti ndi maso, koma ngakhale ana ankadziwa kuti kumwambako zilipo ziwiri. Ina inali chakum'mawa, ndipo ndi imene inkabweretsa mpira, mafilimu ndi kanema wa boma. Inayo inali chakumadzulo. Imeneyo inkabweretsa kanema amene boma linatseka ponena kuti mapepala ake sali bwino. Eni ake anangonyamula makamera n'kuwoloka malire, ndipo kuchokera kumeneko ankaponya nkhani zawo kumwamba, nkhanizo n'kumagwera m'dziko lomwe lija ngati mvula. Boma linatha kutseka zipata, linathanso kutseka kanemayo m'mafoni, koma thambo linalikanika. Anthu ankangomutcha kuti kanema wa Kutsidya, ndipo pomutchula ankatsitsa mawu.

Tsoka la a Dalaivala linali lakuti wowerenga nkhani zamadzulo pa kanema wa Kutsidya anali Kamlomo, mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Dzinalo analitenga ali wamng'ono, chifukwa panalibe mawu amene ankamudutsa osayankhidwa. Tsiku limene ankanyamuka, bambo ake anaima pakhomo n'kumuuza kuti akangowoloka malire asadzawaimbirenso foni. Kamlomo, amene chibadwire sanamverepo lamulo lililonse la bambo ake, anasankha kumvera limeneli. Ngakhale mayi ake sankawaimbira, poti mafoni ankamveka kuti ali ndi makutu, ndipo iye sanafune kuwaika m'mavuto.

Mayi a Kamlomo anali telala, makina awo ankakhala pabalaza pafupi ndi windo. Anapirira mpaka pamene amuna awo anapita ulendo wautali ndi Bwana. Pobwera, a Dalaivala anapeza dishi itatembenuka, mwana wawo ali pakanema, atavala jekete, akutsegula pakamwa monga mwa nthawi zonse. Mkangano wa tsiku limenelo unatha ndi pangano: chithunzi chikhale, koma mawu ayi.

"M'nyumba mwanga ndale sizilowa," anagamula a Dalaivala.

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna ndale? Ine ndikufuna khosi la mwana wanga, ndione ngati akudya."

Ndiye madzulo aliwonse zinkakhala choncho. Mayi ankaimitsa makina, n'kukhala kutsogolo kwa kanema wosalankhula. A Dalaivala anali atatembenuza mpando wawo n'kumayang'ana kukhomo, kawailesi kali pakhutu. Kamlomo ankatchula nduna, milandu ndi misonkho, mayi ake n'kumawerenga nkhani zawozawo.

"Lero sanagone bwino, taonani masowo."

Msana wa a Dalaivala sunkayankha.

"Bulauzi iyi wabwereza. Kapena kumeneko kukugwa mvula, zovala sizikuuma."

Tsiku lina mayi anasendera pafupi ndi kanema, kenako anati, "Ali ndi mphete." Msana uja unagwedezeka pang'ono, koma kawailesi kanangokwezedwa.

Chowapsetsa mtima kwambiri a Dalaivala chinali chakuti msewu womwe unkawaloza chala ndi umene unkadzaza pabalaza pawo. Amayi onse anayamba kufuna kuyesa zovala nthawi ya nkhani zamadzulo basi. Ankaima ndi tepi m'chiuno, maso ali pakanema, akuwerenga timawu toyenda m'munsi mwa chithunzi. Madiresi a mumsewumo onse anayamba kutuluka ndi kolala yoima ngati ya Kamlomo. Akazi a a Tcheyamani enieniwo anasoketsa yawo, ndipo posoketsa ananong'ona kuti, "Kolala yake ikhale ngati ya uja, mukumudziwa." Anavala diresiyo kumsonkhano wa chipani, nakhala mzere wakutsogolo.

A Dalaivala sanangokhala manja lende. Anayesa kutsitsa dishiyo kuti ikhale pansi kuseri kwa nyumba, koma khoma la nyumba yosanja ya aneba linatseka thambo, kanema n'kungoti bii. Anaibweza padenga n'kuivundikira ndi chiguduli. Mvula itagwa, chigudulicho chinanyowa, nkhope ya Kamlomo inaphwanyikaphwanyika, mayi analalata, ndipo ana a mumsewu anayamba kuimba kuti dishi ya a Dalaivala yavala duku. Anachichotsa chiguduli chija manyazi ali m'maso.

Tsono Lachisanu la sabata imene a Tcheyamani anabwera ndi ambulera yawo, nkhani inakawapeza kuntchito. Anali pamzere wa magalimoto pakati pa tauni, Bwana ali kumbuyo akuwerenga nyuzi. Bwanayo anali mkulu ku unduna, munthu wolankhula mofatsa ngati akukupatsa mphatso.

"Mwana wako dzulo ananditchula dzina," anatero osatsitsa nyuziyo.

"Pepani, Bwana."

"Amawerenga bwino. Anandinyoza popanda kuphonya chilembo ndi chimodzi chomwe."

A Dalaivala anafuna kufunsa kuti nanga Bwana anamuonera kuti, koma yankho ankalidziwa. Kunyumba kwa Bwana kunali chidishi chachikulu, chopotoka khosi kuposa yawo, ndipo iwo omwe ndi amene ankachitsuka zitosi za mbalame. Kungoti chinali kuseri kwa mpanda wautali. Dishi ya wosauka ndiyo imakhala poyera ngati chigamba cha pathalauza.

"Lolemba mdipiti wa akuluakulu udutsa mumsewu wanu popita kumsonkhano," anapitiriza Bwana. "Ine ndidzakhala m'galimoto ino, woyendetsa iwe. Wina akadzaloza padenga n'kufunsa kuti nyumba iyo ndi ya yani, ndidzayankha chiyani?"

"Ndi akazi anga, Bwana. Amangoona chithunzi, mawu satsegula."

"Kumwamba kwa denga sikulembedwa kuti mawu ndi otseka. Ukudziwa wekha kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Ine sindikufuna zipote ine, mwanayo si wanga. Pofika Lolemba dishi ikhale itayang'ana kumene anzake ayang'ana. Apo ayi, undisiyire makiyi patebulo."

Mzere unayenda, a Dalaivala anaiwala kusintha giya mpaka wa kumbuyo anawaimbira hutala. Anali atayendetsa magalimoto a boma kuyambira tsitsi lili lakuda, ndipo nthawi yopuma pantchito ndi penshoni inali ikuonekera chapafupi. Kutaya zonsezo chifukwa cha chitsulo chonga mbale! Mtima unawawawa kwambiri, ndipo sankadziwa wokwiyira: Bwana, mwana, mkazi, kapena munthu amene anayamba kupachika zinthu kumwamba.

Kunyumba anapeza mayi ali pamakina, akusoka kansalu kachikasu kofewa. Pampando panali tizovala tina tating'onoting'ono topindidwa bwino. A Dalaivala anatikankhira pambali kuti akhale.

"Osatigwira ndi manja a girisi," anatero mayi.

"Kasitomala wake ndi ndani wosoketsa tinthu tambirimbiri chonchi?"

"Mwini wake sanafike."

A Dalaivala analibe nazo ntchito. Anafotokoza za Bwana, za Lolemba ndi za makiyi. Mayi anamvetsera phazi lili pa makina, kenako anadula ulusi ndi mano.

"Ndiye mwati bwanji?"

"Ndati chiyaninso? Dishi itembenuka."

"Ine ndizimuonera kuti?"

"Chisankho chikatha tidzaibweza."

"Chisankho chikatha mudzati tidikire alumbire. Akalumbira mudzati tidikire penshoni. Bambo a Kamlomo, munanditsekera foni, ndinakhala chete. Munanditsekera mawu, ndinakhala chete. Lero mukufuna maso anga?"

"Nanga tidzadya chithunzi? Mwana wanuyo akalankhula kumeneko amakagona pabwino. Wotsala ndi moto ndine!"

"Mwana wanga? Ndinamutola pamsewu? Kamwa limenelo analitenga kwa ndani, si inu amene munkakangana ndi wailesi iye ali pamiyendo panu?"

A Dalaivala anatuluka n'kumenyetsa chitseko, koma chitsekocho chinali chotupa ndi mvula, sichinalire n'komwe. Ngakhale zimenezo zinawanyansa.

Loweruka anapita kwa mmisiri wa madishi. Mmisiriyo atangomva nyumba yake anagwira msana n'kunena kuti adokotala amuletsa kukwera pamwamba, pamene m'mawa womwewo anamuona ali padenga la sitolo. Palibe amene ankafuna kuonedwa atagwira dishi imeneyo, kaya poipotoza kaya poiwongola. Zinatsala n'zakuti akwere okha. Makwerero aatali mumsewu wonse anali kwa a Tcheyamani, ndipo a Tcheyamani anali kumisonkhano mpaka Lamulungu madzulo. Anabwera nawo okha paphewa, akumwetulira ngati wobweretsa mankhwala kwa wodwala.

"Mwachita zanzeru, a Dalaivala. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Kwerani, ine ndikugwirirani."

Ntchito yotembenuza dishi ili ndi vuto limodzi: wapadenga saona kanema, wapakanema saona dishi. Pamafunika wina m'nyumba woti azikuwa kuti yachoka, yabwera, bwererani pang'ono. A Dalaivala anasuzumira pawindo, sipanala ili m'manja. Mayi anali atakhala kale pamalo pawo, poti nthawi ya nkhani inali itakwana.

"Mayi, muzindiuza zikamasintha."

"Ine? Pakamwa panga pano sipathamangitsa mwana wanga. Itanani a Tcheyamani adzakuwe."

"Ine m'nyumba imeneyo sindilowa kanemayo akuonetsa," anayankha msanga a Tcheyamani, atakumbatira makwerero.

A Dalaivala anapukusa mutu. "Chabwino. Kwezani mawu ndizimva ndekha. Kanema wa Kutsidya akaduka, mutsegule wa boma. Ndikamva nyimbo yawo ndimanga."

"Mawu? M'nyumba mwanu mosalowa ndale?"

"Lero lokha!"

Anakwera pang'onopang'ono, maondo akudandaula. Malata anali akadali ofunda. Kuchokera pamwambapo anaona msewu wonse, madishi onse atawafulatira, ndipo pazipata anthu anali atayamba kutuluka, ena atanyamula ndowa zopanda madzi kuti aoneke ngati ali ndi kopita. Anakhala pansi, nalowetsa sipanala pa bawuti yoyamba. Inali ya dzimbiri. Anakanikiza mpaka inalira.

Pomwepo mayi anakweza mawu, ndipo sanakweze mwaulemu. Anakweza mpaka kumapeto.

"Mwaswera bwanji nonse kumene muli. Nazi nkhani."

Sipanala inaima. A Dalaivala anali asanamve mawu amenewo chichokere mwanayo. Anali omwe aja, okuluwika pang'ono kumapeto ngati a malemu mayi awo, mawu amene ankawafunsa mafunso osatha ali pampando wakutsogolo wa galimoto, miyendo isanayambe kufika pansi. Tsopano ankatuluka pawindo la nyumba yawo yomwe n'kudzaza msewu. Anthu a ndowa aja anasiya kunamizira, anangoima.

"Fulumirani, a Dalaivala!" anakuwa a Tcheyamani. "Msewu wonse ukumva!"

Anamasula bawuti yachiwiri. Anagwira m'mphepete mwa dishi ndi manja onse n'kuikankha pang'ono chakum'mawa. Mawu aja anayamba kudukaduka. "Undu... wa za... wati si..." Anabwerera, nadukanso, ngati munthu amene akumutsamwitsa. A Dalaivala anachotsa manja msanga. Dishi inabwerera yokha pang'ono, mawu n'kumvekanso bwino.

Apa ndi pamene anamva chinthu china. Kamlomo ankawerenga mawu ochepa, n'kuima, n'kukoka mpweya, kenako n'kupitiriza. Mwana amene ankatha kulalata kuchokera pakhomo mpaka kusukulu osapuma, lero ankapumira pakati pa chiganizo ngati wakwera phiri.

A Dalaivala anakwawira kumapeto kwa denga, pamwamba pa windo.

"Mayi! Mayi a Kamlomo!"

"N'chiyani? Sanaduke, pitirizani."

"Bwanji akupuma chonchi? Akudwala?"

M'nyumba Kamlomo ankanena za mitengo ya mafuta. Kenako mutu wa mayi unatulukira pawindo, utayang'ana kumwamba.

"Mwamva eti? Makutu muli nawo?"

"Ndikufunsa ngati akudwala!"

Nkhani ngati imeneyi sanenera pawindo, ndipo mayi anali ataisunga mumtima milungu yambiri. Koma munthu amene wakhala akulankhula ndi msana kwa nthawi yaitali, tsiku limene msanawo wafunsa funso sasankha malo.

"Kupuma kumeneko simukukudziwa? Ndinkapuma bwanji ine chaka chimene munkandiperekeza kusikelo panjinga? Mphuno yatupa, khosi lada, mphete anavula chifukwa zala sizikulola. Jekete sakumanganso mabatani. Tizovala tija mumayesa ndikusokera ndani? Ndinakuuzani kuti mwini wake sanafike!"

Msewu wonse unamva. Mayi wina pachipata anaika dzanja pakamwa. Akazi a a Tcheyamani, amene anali ataima kuseri kwa amuna awo ndi kolala yawo yoima, anaiwala kumene ali n'kunena mokweza kuti, "Ndinaona ine! Ndinati mphuno imene ija si yachabe!" Amuna awo anawacheukira, iwo n'kuyang'ana kumbali.

A Dalaivala anakhala pamalata. Anali ndi chisoni, anali ndi chimwemwe, ndiponso anali okwiya kuti msewu wonse unaona mdzukulu wawo akubwera pamene iwo ankayang'ana chitseko.

"Zatsala nthawi yaitali bwanji?" anafunsa, mawu atatsika.

"Ndidziwa bwanji? Tebulo limabisa. Ndidzadziwa tsiku limene pampandopo padzakhale munthu wina. Ndipo akadzabwerera, nkhope idzandiuza ngati zayenda bwino. Koma poti mwati itembenuke, tembenuzani. Tidzamva kwa Bwana wanu, iwo amaonera."

Mutu uja unalowa m'nyumba. Kunja kunali kutayamba kuda. A Dalaivala anabwerera pa dishi n'kuigwiranso ndi manja onse.

"Eya, malizani," anatero a Tcheyamani. "Chakum'mawa, kumene kwayang'ana yangayo."

Dishi inayenda pang'ono, koma inayenda chakumadzulo. Mawu a Kamlomo anadukanso.

"Mwapitirira!" anakuwa mayi m'nyumba, osapemphedwa ndi munthu. "Bwererani!"

"Apa?"

"Pang'ono pokha. Nkhope ikadali ndi mabala. Eya, eya. Kwezani m'mwamba pang'ono. Pomwepo! Musakhudzenso!"

"Akuoneka bwino?"

"Kuposa kale. Mpaka ndolo ndikuziona."

A Dalaivala anatenga sipanala n'kumanga bawuti yoyamba, kenako yachiwiri. Anamanga ndi mphamvu zawo zonse mpaka sipanala inaterereka n'kuwasupula chala.

"A Dalaivala, mwasokoneza!" anatero a Tcheyamani. "Mwaibwezera komwe kuja!"

"Ndi mphepo, a Tcheyamani. Gwirani makwerero, ndikutsika."

Anatsika, napukuta manja pathalauza, nathokoza chifukwa cha makwerero. A Tcheyamani anawanyamula, akazi awo akutsatira pambuyo koma akucheukira kuwindo.

Polowa m'nyumba anapeza nkhani zatha. Pakanema panali mwamuna wina akuloza mitambo pa mapu. Anaima pakati pa balaza ngati wosiyidwa ndi basi.

"Mwachedwa," anatero mayi. "Abweranso mawa."

Mawa lake linali Lolemba. A Dalaivala anapisa m'thumba, natulutsa makiyi a galimoto ya Bwana. Anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anawaika pamakina, pambali pa kansalu kachikasu kaja, kuti m'mawa asawaiwale. Mayi anawaona makiyiwo, anawaonanso amuna awo. Anangonyamuka kukafuna kansanza koti amange chala chija.

A Dalaivala anagwira mpando wawo. Miyendo yake inali itasiya mabowo pa kapeti chifukwa chokhalitsa malo amodzi. Anaunyamula, nautembenuza kuti uyang'ane kanema, nakhala.

Mayi pobwera anatenga rimoti kuti atseke mawu monga mwa pangano.

"Asiyeni," anatero a Dalaivala. "Mwina anena za nyengo ya kumene Kamlomo ali."